PHUNZIRO: MANKHWALA OTSALIRA MU MPUNGA NDI KACHILOMBO KAMENE KANACHULUKA CHIFUKWA CHA KUPOPERA

CHOLINGA CHA PHUNZIRO

Pomaliza phunziro ili, amai adziwe zinthu zitatu izi: chifukwa chake mankhwala ophera tizilombo nthawi zina amachulukitsa tizilombo tomwe tifuna kupha, kumene mankhwalawo amatsalira mu mbewu titatha kupopera, ndi zimene mai angachite kudimba ndi kukhichini kuti banja lake lisadye chiphe. Wotsogolera phunziro abweretse mbale ziwiri, ina ya mpunga wa mankhusu, ina ya mpunga woyera. Ngati nthawi yachepa, phunziroli ligawidwe pawiri: ndime 1 mpaka 4 sabata loyamba, zotsalazo sabata lachiwiri.

MAU OYAMBA



Mpunga ndi chakudya cha ulemu pakati pathu. Pa ukwati, pa Khrisimasi kapena pakabwera alendo ochokera kutali, mphika wa mpunga susowa. Tili nawo mpunga wathu wa ku Mongu, ku Chama ndi ku Nakonde, koma sukwanira dziko lonse. Nchifukwa chake m'masitolo a ku Lusaka, ku Ndola ndi ku Chipata timapezamonso mpunga wochokera kunja, wina wa ku India, ku Pakistan ndi ku Thailand. Pa matumba 10 alionse a mpunga wolimidwa pa dziko lonse lapansi, pafupifupi 9 amalimidwa ku Asia.

Lero tipita ku minda ya ku Asia komweko kuti tikaone nkhondo imene alimi akhala akumenya ndi kachilombo kakang'ono kwa zaka zoposa 50. Nkhaniyi itikhudza pa zifukwa ziwiri. Choyamba, mpunga wa m'minda imeneyo umafika m'miphika yathu. Chachiwiri, ena mwa mankhwala amene anawavutitsa iwo, monga cypermethrin, imidacloprid ndi abamectin, ndi omwewo amene timagula m'masitolo a zaulimi kuno kwathu kuti tipopere thonje, tomato ndi repu. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ife tionjeze kuti uyang'anenso chimene chinayatsa motowo, kuti zako zisapse.

1. KACHILOMBOKA NKOTANI?

M'Chingerezi kamatchedwa brown planthopper, ndipo anthu a ku Indonesia amati wereng. Ife tilibe dzina lake popeza kwao ndi ku Asia. Nkofiirira, kotalika mamilimita 3 kapena 4, kocheperapo ndi njere ya mpunga. Chakudya chake ndi mpunga wokha basi. Sikatafuna masamba monga imachitira mbozi kapena dzombe. Kali ndi kamlomo konga singano kamene kamabaya nako phesi la mpunga m'munsi, pafupi ndi madzi, nkumayamwa madzi otsekemera amene mbewu imapanga kuti idyetse mizu ndi ngala. Amene munaonapo nsabwe pa repu kapena pa kabichi, kayamwidwe kake nkofanana.

Tizilomboti tikachuluka, phata limodzi la mpunga limatha kukhala ndi mazanamazana. Mpunga umayamba kuoneka wachikasu, kenaka umauma m'zigawo zozungulira pakati pa munda, ngati wina anakolezapo moto. Pamwamba pa izo, timafalitsa matenda awiri a mavairasi amene amapinimbiritsa mpunga kuti usabereke.

Mphamvu yake ili pa kuswana. Kakakazi kamaboola phesi nkuikira mazira m'kati mwake, ndipo pa moyo wake kamaikira mazira mazana angapo. Mazirawo amaswa patapita sabata limodzi. Anawo amafundula kasanu, ndipo pakutha masabata awiri amakhala atakula. Kotero mbadwo umodzi umakwana pasanathe mwezi. Tiyeni tiwerengere pamodzi mwachitsanzo. Kakakazi kamodzi kakaikira mazira 200, theka lake nkukhala takatikazi, ndiye kuti mwezi ukatha tilipo 100 toikira. Tonseto tikaikira mazira 200 kalikonse, mwezi wachiwiri pali tizilombo 20,000. Zingatero pokhapokha ngati palibe chotidya. Musunge mau amenewa, pakuti tibwererakonso.

Tina timabadwa ndi mapiko aafupi ndipo timakhala m'munda momwemo nkumaikira. Tina timabadwa ndi mapiko aatali. Chaka ndi chaka mu Juni ndi Julayi mphepo ya mvula imatinyamula kuchokera kumwera kwa China kuoloka nyanja mpaka ku Japan ndi ku Korea, kumene sitingathe kukhala chaka chonse chifukwa cha chisanu. M'chaka cha 1732 tizilombo ta mtundu umenewu tinaononga mpunga kumadzulo kwa Japan, kunagwa njala yaikulu, ndipo anthu zikwizikwi anafa. Alimi a nthawi imeneyo anali kuthira mafuta a anamgumi pa madzi a m'munda, nkumagwedeza mpunga ndi nsungwi kuti tizilomboto tigwere pa mafutawo ndi kufa.

Koma zindikirani ichi: m'maiko otentha monga Indonesia, Philippines ndi India, kachilomboka sikanali vuto lalikulu zisanafike zaka za m'ma 1960. Kanalipo m'minda, koma alimi ambiri sanali kukalabadira nkomwe.

2. ZIMENE ZINACHITIKA KU INDONESIA

M'chaka cha 1960 kunakhazikitsidwa bungwe lofufuza za mpunga lotchedwa IRRI ku Los Baños m'dziko la Philippines. Mu 1966 bungweli linatulutsa mbewu yatsopano ya IR8, yaifupi msinkhu, yobereka kwambiri ikapatsidwa feteleza ndi madzi okwanira. Mbewu zotere zinapulumutsa anthu ambiri ku njala, ndipo m'madera a nthirira alimi anayamba kukolola kawiri kapena katatu pachaka.

Mbewuzi zinabwera pamodzi ndi feteleza ndi mankhwala ophera tizilombo. Alimi anauzidwa kuti azipopera motsata masiku, kaya m'munda muli tizilombo kaya mulibe. Ku Indonesia boma linali kulipira gawo lalikulu la mtengo wa mankhwalawo, nthawi zina kufika pa 80 mwa 100, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 minda ina inali kupoperedwa ndi ndege. Mankhwala anali otchipa, ndiye aliyense anapopera mosaumira.

M'zaka za m'ma 1970 planthopper anabuka ngati moto wolusa. Mu 1976 ndi 1977 minda ya mahekitala zikwi mazanamazana inaonongeka. Akatswiri anatulutsa mbewu zimene kachilomboka sikakonda. IR26 inatuluka mu 1973, koma patangotha zaka ngati zitatu kanali katazolowera kuidya. IR36 inatsatira mu 1976 ndipo inathandiza kwa kanthawi. Mu 1984 Indonesia inakolola mpunga wokwanira anthu ake onse, chinthu chimene dzikolo linanyadira kwambiri. Koma mu 1985 ndi 1986 kachilombo kaja kanabweranso pa chilumba cha Java, kumene kuli minda yambiri ya mpunga.

Pa nthawiyi akatswiri ena, mmodzi mwa iwo Peter Kenmore amene anagwira nchito ndi bungwe la FAO, anali ataonetsa chinthu chodabwitsa. Akagawa munda pawiri, mbali ina nkumapopera, ina osapopera, tizilomboto tinali kuchuluka kwambiri ku mbali yopoperayo. Anakafotokozera boma, ndipo mu Novembala 1986 Pulezidenti Suharto analamula kuti mitundu 57 ya mankhwala isapoperedwenso pa mpunga. Pofika mu 1989 boma linasiyiratu kulipirako mtengo wa mankhwala, thandizo limene linali kudya madola oposa 100 miliyoni pachaka.

M'chaka chomwecho kunayamba masukulu a alimi a m'munda. Alimi ngati 25 anali kukumana kamodzi pa sabata nyengo yonse ya mpunga. Anali kulowa m'munda, kugwira tizilombo tonse timene apeza, kutijambula pa pepala, ndi kukambirana kuti kodi aka kamadya mbewu kapena kamadya tinzake. Atatero mpamene anali kugwirizana ngati kunali kofunika kupopera sabata limenelo. Mankhwala opopera pa mpunga anachepa, koma zokolola sizinatsike. Zinapitiriza kukwera. Njira yophunzirira imeneyi pambuyo pake inafalikira kumaiko ambiri a ku Africa, kuphatikizapo Zambia.

3. KODI KUPOPERA KUNACHULUKITSA BWANJI TIZILOMBO?

Funso limeneli ndilo mtima wa phunziro lathu. Zifukwa zake zilipo zinai.

(a) Mankhwala anapha abwenzi a mlimi. M'munda wa mpunga muli akangaude, atombolombo, achule, tizilombo toyenda pamwamba pa madzi, ndi timavu tating'ono kwambiri timene timaikira mazira athu m'kati mwa mazira a planthopper. Kangaude mmodzi wa mtundu wosaka pansi amatha kudya tizilombo pakati pa 5 ndi 15 patsiku. Amenewa ndiwo anali kuletsa chiwerengero chija cha 20,000 kuti chisakwane, ndipo anali kugwira nchitoyi kwaulere usana ndi usiku. Mankhwala ambiri sasankha. Amapha woipa ndi wabwino yemwe.

(b) Mazira anapulumuka. Popeza ali m'kati mwa phesi, mankhwala sawafika. Patapita sabata limodzi amaswa, ndipo anawo amapeza munda uli zii, wopanda chowadya. Kangaude amatenga nthawi yaitali kuti achulukanenso, pamene planthopper akufuna mwezi umodzi wokha.

(c) Mankhwala ena akagwa pang'ono pa kakakazi osakapha, amakachititsa kuikira mazira ambiri kuposa kale. Izi zinaonetsedwa pa mankhwala monga triazophos ndi deltamethrin.

(d) Tizilombo tinazolowera mankhwala. Pa zikwi zopoperedwa pamakhala tingapo tolimba timene sitifa. Tomweto ndito timaswana, ndipo ana ake amatengera kulimbako. Mlimi akaona kuti mankhwala sakugwira amaonjezera muyeso, ndipo potero amangosankhira tolimba koposa.

Feteleza wa nayitrojeni, monga yureya, akachuluka amaonjezera vutoli, chifukwa mpunga umakhala wanthete ndi wamadzi ambiri, chakudya chimene kachilomboka kamanenepa nacho.

4. PHUNZIRO LINAIWALIKA

Tikadayembekeza kuti nkhani yathera pamenepo, koma iai. Mu 1991 kampani ya Bayer inatulutsa mankhwala atsopano a imidacloprid, amene poyamba anali kupha planthopper modabwitsa. Alimi a ku China, Vietnam ndi Thailand anawadalira chaka ndi chaka. Pofika mu 2005 kachilomboka kanali katawazolowera, ndipo chaka chimenecho kanaononga minda yambiri ku China. Alimi anasamukira ku mankhwala ena otchedwa buprofezin, amene amaletsa ana a kachilomboka kufundula, koma patapita zaka zosakwana 10 nawonso anayamba kufooka.

Ku Thailand mliriwu unabuka kuyambira 2009 mpaka 2011, ndipo mu 2011 dipatimenti yoona za mpunga m'dzikolo inapempha alimi kuti aleke kupopera cypermethrin ndi abamectin pa mpunga, popeza mankhwala awiriwa anali kuchulukitsa planthopper. Ngakhale ku Java, kumene kunayambira masukulu a alimi aja, kachilomboka kanabweranso m'zaka zomwezo, mankhwala atachulukanso m'masitolo. Ogulitsa mankhwala ali m'mudzi uliwonse, pamene alangizi a zaulimi ndi owerengeka. Mlimi wa mantha amamvera amene ali naye pafupi.

5. TIKATHA KUPOPERA, MANKHWALA AMAPITA KUTI?

Tsopano tifike pa mbale zathu ziwiri zija. Mankhwala ophera tizilombo ali m'magulu awiri. Ena amangomatirira kunja kwa tsamba ndipo amapha kachilombo kamene kawakhudza. Ena amalowa m'kati mwa mbewu kudzera m'mizu kapena m'masamba, nkumayenda ndi madzi a mbewuyo. Imidacloprid ali m'gulu lachiwirili. Pa kachilombo kobisala m'munsi mwa phesi ndi kuyamwa madzi a mbewu, alimi amakonda mankhwala olowa m'kati. Komatu chimene chalowa m'kati sichichoka ndi mvula, ndipo sichitsukika ndi madzi.

Vuto lina ndi la nthawi. Planthopper amachuluka kwambiri mpunga ukamatulutsa ngala ndi kukhwimitsa njere. Mlimi akaona munda ukuyamba kupsa patatsala masabata awiri kuti akolole, mtima sumulola kungokhala. Amapopera, ndipo mankhwalawo amagwera pa ngala zomwe.

Mankhwala sakhala mpaka kalekale. Dzuwa, kutentha, mvula, tizilombo ta m'nthaka ndi mbewu yeniyeniyo zimawaphwanya pang'onopang'ono. Akatswiri amayeza masiku amene amapita kuti theka la mankhwala lithe. Tiyerekeze kuti mankhwala ena theka lake limatha pa masiku 5. Pa tsiku la 5 patsala theka. Pa tsiku la 10 patsala gawo limodzi mwa magawo 4. Pa tsiku la 15, limodzi mwa 8. Pa tsiku la 20, limodzi mwa 16. Mukuona kuti amene wakolola pa tsiku la 2 wakolola gawo lalikulu la mankhwalawo, pamene wodikira masiku 20 wapeza ochepa kwambiri. Nchifukwa chake pa pepala la botolo lililonse pamalembedwa masiku oyenera kudikira kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lokolola. M'Chingerezi amalemba kuti pre-harvest interval, kapena zilembo zitatu PHI. Masikuwo amasiyana malinga ndi mankhwala ndi mbewu yake.

Akayeza mpunga wopoperedwa, kawirikawiri amapeza kuti mankhwala otsalira ambiri ali m'mapesi ndi m'mankhusu. Ocheperapo ali mu gaga, ndiye kuti kakhungu kofiirira ka pamwamba pa njere. Ochepetsetsa ali mu njere yoyera imene timaphika. Tengani mbale ya mpunga wa mankhusu muone: mankhusuwo ndi chovala chimene chimalandira zambiri zogwa kuchokera kunja. Imeneyi ndi nkhani yabwino kwa wophika. Koma tikumbuke kuti mapesi amadyedwa ndi ng'ombe, gaga amapita kwa nkhuku ndi nkhumba, ndipo madzi a m'munda amatsikira kumtsinje kumene kuli nsomba ndi nkhanu. Mu 2009 dziko la China linaletsa mankhwala a fipronil pa mpunga ndi mbewu zina zambiri chifukwa anali kupha njuchi ndi zamoyo za m'madzi. Mu 2018 maiko a mu European Union analetsa imidacloprid m'minda ya panja pofuna kuteteza njuchi.

6. MALIRE AMENE MAIKO AMAIKA

Mpunga wokhala ndi mankhwala otsalira sununkha, suwawa, ndipo susintha mtundu. Mai sangauzindikire ndi maso kapena lilime. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chifukwa cha ichi maiko amaika malire a mankhwala ololedwa kupezeka mu chakudya. Mu 1963 mabungwe a FAO ndi WHO anakhazikitsa komiti ya Codex Alimentarius imene imaika malire otere, ndipo Zambia ndi membala. Maiko ena amaika malire aoao okhwima kuposa amenewo.

Malirewa amawerengedwa m'mamiligiramu pa kilogiramu imodzi ya chakudya. Mwachitsanzo, kuyambira 2006 dziko la Japan limati mankhwala alionse amene alibe malire akeake asapitirire 0.01 miligiramu pa kilogiramu. Kuti timvetse kuchepa kwake, ndi chimodzimodzi giramu imodzi yokha yogawidwa m'matumba 2,000 a makilogiramu 50. Malire otere amaikidwa pansi kwambiri pa muyeso umene ungadwalitse munthu. Mpunga ukawapitirira, chimene tidziwa choyamba nchakuti wina sanatsate malangizo popopera.

Nazi zitsanzo zitatu zoonetsa kuti nkhaniyi njeniyeni. Mu 2008 ku Japan kunadziwika kuti kampani ina inagula mpunga wochokera kunja umene unapezeka ndi mankhwala a methamidophos, wololedwa kupangira zinthu zosadya monga guluu, nkuugulitsa ngati chakudya. Wina unafika m'zipatala ndi m'nyumba zosungira okalamba, ndipo nduna ya zaulimi inatula pansi udindo. Mu 2019 maiko a mu European Union anatsitsa malire a buprofezin mu mpunga kufika pa 0.01, chifukwa mankhwalawa akatenthedwa kwambiri angathe kutulutsa chiphe china chotchedwa aniline. Mu Ogasiti 2022 boma la chigawo cha Punjab ku India linaletsa mankhwala 10 kwa masiku 60, kuphatikizapo buprofezin ndi chlorpyrifos, kuti mpunga wao wa basmati usamabwezedwe kumisika ya kunja. Chlorpyrifos ameneyu analetsedwa mu European Union mu 2020 poopa kuti angaononge kakulidwe ka ubongo wa ana.

Amai, cholinga sichakuti tiope mpunga. Mpunga woyera wa m'sitolo kawirikawiri umakhala ndi mankhwala ochepa zedi, mwina osapezeka nkomwe. Amene ali pa ngozi yaikulu ndi munthu wopopera wopanda zodzitetezera, ndi banja lodya ndiwo zamasamba kapena tomato zothyoledwa mawa lake mutapopera. Mpunga uli ndi mankhusu ndipo umasungidwa miyezi usanadyedwe. Repu alibe mankhusu, ndipo amachoka kudimba m'mawa, masana ali m'mbale.

7. NJIRA ZIMENE ZINATHANDIZA

Ku Vietnam, m'chigawo cha Long An, alimi anali kupopera mpunga ukadali waung'ono chifukwa cha mbozi ina yopinda masamba. Masamba odyedwawo amaoneka oipa, koma mpunga waung'ono umaphukanso ndipo zokolola sizitsika. Kupopera koyambirirako ndiko kunali kupha akangaude nkutsegulira njira planthopper. Mu 1994 akatswiri a boma pamodzi ndi K.L. Heong wa ku IRRI anafalitsa uthenga umodzi wokha kudzera m'timapepala ndi sewero la pa wailesi: musapopere m'masiku 40 oyamba. Anapempha mlimi aliyense kusiya kachigawo ka munda kosapopera kuti adzionere yekha pokolola. Alimi ataona kuti zokolola nzofanana, kupopera m'chigawocho kunatsika ndi theka.

Ku China, Thailand ndi Vietnam anayesanso kubzala mbewu za maluwa, monga chitowe, m'mizere ya m'malire mwa minda. Timavu tija timamwa timadzi ta m'maluwa a chitowe, tikatero timakhala masiku ambiri ndi kuononga mazira ochuluka a planthopper. Zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2016 zinaonetsa kuti m'minda yotere kupopera kunachepa ndi 70 pa 100, ndipo zokolola zinakwera ndi 5 pa 100. Chitowe chomwecho chimene timachidziwa kuno.

Zina zimene alimi a kumeneko amalangizidwa ndi izi: kubzala mbewu zopirira ndi kumazisinthasintha, kuthira feteleza pa muyeso, kubzala nthawi imodzi mudzi wonse kuti pakhale nyengo yopanda mpunga m'minda, kuchotsa madzi m'munda kwa masiku atatu kapena anai tizilombo tikayamba kuchuluka, ndi kupatula mapesi sabata lililonse kuyang'ana m'munsi, kuwerenga adani ndi abwenzi omwe. Mankhwala amabwera pomalizira, akhale osankha, pa muyeso wake, ndipo asakhale a mtundu umodzimodzi nthawi zonse.

8. NANGA IFE TICHITE CHIYANI?

Kudimba ndi kumunda:

1. Yang'anani musanapopere. Tembenuzani masamba, muone chimene chilipo ndi kuchuluka kwake. Kuona maso a nkhono nkudekha. Masamba awiri oboola sayenera botolo la mankhwala.
2. Phunzirani kuzindikira abwenzi anu: akangaude, atombolombo, mavu, achule ndi tizilombo tofiira ta madontho akuda timene timadya nsabwe. Funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu kuti akuonetseni.
3. Gulani mankhwala a m'botolo lake lenileni, lokhala ndi pepala la malangizo. Kuno ku Zambia bungwe la ZEMA ndilo limapereka chilolezo cha mankhwala otere. Pewani ogawidwa m'timabotolo ta zakumwa pamsika, chifukwa simudziwa dzina lake, muyeso wake kapena masiku odikira.
4. Mankhwala a thonje asapite pa ndiwo. Popperani pa mbewu zokhazo zimene zalembedwa pa pepala.
5. Musaonjezere muyeso, ndipo musasakanize mitundu iwiri kapena itatu mwa nzeru zanu.
6. Lembani tsiku lopopera pa kalendala, muwerenge masiku odikira, mulembenso tsiku loyamba kuthyola. Lamuloli ndi limodzi pa ndiwo za pakhomo ndi za kumsika. Mwana wa wogulayo ali ngati wanu.
7. Popopera valani malaya a manja aatali, nsapato zotseka, magolovesi ndi chophimba kukamwa ndi mphuno. Mai woyembekezera, woyamwitsa kapena wobereka mwana kumsana asapopere, ndipo ana asatumidwe nchitoyi.
8. Botolo likatha litsukeni katatu, madziwo muthire mu mpope wopopera, kenaka muliboole. Lisasungirenso mchere, mafuta ophikira kapena madzi akumwa. Musatsukire mpope mumtsinje kapena pachitsime.

Kukhichini:

1. Tsukani mpunga kawiri kapena katatu musanaphike, ndipo ndiwo zamasamba ndi tomato muzitsuke ndi madzi ambiri. Kutsuka kumachotsa zina za kunja. Zolowa m'kati zimachepa ndi masiku odikira aja basi.
2. Mbewu yobzala yopakidwa mankhwala, imene imaoneka yofiira kapena yobiriwira, isaphikidwe ndipo isapatsidwe kwa ziweto, ngakhale mutaitsuka motani.
3. Posunga mpunga kapena chimanga thirani mankhwala okhawo opangidwira kusungira chakudya, pa muyeso wolembedwa.
4. Mankhwala onse asungidwe kutali ndi chakudya, pamalo okhoma amene ana sangafike. Chithunzi cha chigaza ndi mafupa pa botolo chitanthauza chiphe choopsa.
5. Munthu akamva mutu, chizungulire, kusanza, thukuta lambiri kapena malovu osaleka atatha kupopera, avule zovalazo, asambe ndi sopo, ndipo apite kuchipatala msanga pamodzi ndi botolo la mankhwalawo. Musamumwetse mkaka kapena kumusanzitsa.

MAU OMALIZA

Alimi a ku Java sanali anthu opusa. Anachita zimene anauzidwa, ndipo anali kuteteza chakudya cha ana ao monga timachitira ife. Chimene sanauzidwe nchakuti mankhwala saima pamene tawalozetsa. Amapha kangaude amene anali kutilondera munda, ndipo ena amatsala mu phesi, mu gaga ndi m'madzi. Mavuto onse awiriwa amachepa ndi chizolowezi chimodzi: kuyang'ana usanapopere, kuwerenga pepala la pa botolo, ndi kuwerenga masiku usanakolole. Zitatu zonsezi sizifuna ndalama. Mai amene sadziwa kuwerenga Chingerezi apemphe mnzake wa m'gulu kapena mwana wa sukulu kuti amuwerengere, ndipo palibe manyazi pamenepo.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Fotokozani m'mau anu zifukwa zinai zimene kupopera kunachulukitsira planthopper.
2. Kodi munaonapo tizilombo tikuchuluka kudimba kwanu mutatha kupopera? Tinali totani, ndipo munapopera mankhwala anji?
3. Mwa mapesi, mankhusu, gaga ndi njere yoyera, mankhwala otsalira amachuluka kuti? Nanga zimenezi zikutiuza chiyani za chakudya cha ziweto zathu?
4. Mai wina wapopera tomato Lachitatu, pa botolo palembedwa masiku 7, koma wogula wabwera Lachisanu ndi ndalama m'manja, ndipo kusukulu akufuna fizi. Mungamulangize bwanji? Nanga gulu lingamuthandize motani kuti asataye malondawo?

NCHITO YA KUNYUMBA

Sabata lino mai aliyense apite kudimba kapena kumunda m'mawa, asankhe mbewu 10, ayang'ane pansi pa masamba ndi m'munsi mwa tsinde, ndipo awerenge tizilombo todya mbewu ndi todya tinzake. Akoperenso pa pepala dzina la mankhwala amene ali nawo pakhomo ndi masiku odikira olembedwapo. Botolo lenilenilo lisiyidwe kunyumba pamalo ake okhoma. Pa msonkhano wotsatira tidzayamba ndi kuwerengerana zimene tapeza.